Mabulashi amene ndinkawamangira m'jumbo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga kulikonse kumene mawuwa akupezani. Kuno kwa Champhira amanditcha NyaBanda, ngakhale kwathu kwenikweni ndi ku Kasungu. Ndinabwera ndi ukwati ndipo imvi zandiyambira konkuno. Ntchito yanga ndi yokongoletsa akwatibwi kumaso, ija achinyamata amati mekapu. Umboni wanga ndi wa chaka chimene manja angawa anatchuka ndi kuwononga nkhope za ana a eni, mpaka mwana wanga wobereka ndekha anawaopa. Ndinena zonse, ndi zochititsa manyazi zomwe, chifukwa mukamva mbali yokoma yokha simudziwa kumene Mulungu ananditola.

Kwa zaka zambiri ntchitoyi ndinkaigwira ndekha kuchokera kwathu kuno mpaka ku Embangweni. Anthu akakolola, fodya n'kugulitsidwa, maukwati ankachita kuthithikana, ndipo Loweruka lililonse ndinkakhala pa njinga yamoto kachikwama kali pamiyendo. M'kachikwamamo munali paudala, zopaka milomo, zolembera nsidze, ndi mabulashi khumi ndi imodzi amene ndinawasonkhanitsa pang'onopang'ono ku Mzimba boma. Yaikulu ya paudala ndinkaikonda ngati mwana. Mkwatibwi akadzuka pampando wanga, azakhali ake ankalulutira asanafike n'kutchalitchi komwe, ine mtima uli m'mwamba.

Kutsuka mabulashiwo ndinayesapo kamodzi kokha. Ndinawamiza m'madzi owira monga ndimachitira ndi mbale za mafuta, ndipo awiri anasosoka ubweya wonse n'kutsala timitengo. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti bulashi yanga sidzaonananso ndi madzi. Ndinkangoikuntha pachikhatho, kuipukuta pa chitenje, nthawi zina kuiyanika padzuwa pathandala. Ndinkadziuza kuti bulashi ili ngati mphika wadothi, imakoma ikazolowera, ndipo panalibe wonditsutsa poti panalibe wina wodziwa ntchitoyi.

Kenako kunabwera Lusungu NyaMoyo. Ndi mtsikana wa kuno konkuno, wosiyana pang'ono msinkhu ndi mwana wanga woyamba, amene anakhala zaka zingapo ku Joni n'kubwerera ndi bokosi lotseguka ngati makwerero, la galasi loyaka magetsi m'mbali. Anayamba kupemphera mpingo wathu womwewu, ndipo monga kuti bokosilo silinakwane, anali ndi mawu oimba bwino. Ankakhala mabenchi awiri patsogolo panga. Ulaliki wa miyezi imeneyo musandifunse, sindinamve ngakhale vesi limodzi, ndinkangoyang'ana kumbuyo kwa mutu wake.

Nsanje, abale anga, ndi ntchito yolemetsa kuposa kupalira. Akaika chithunzi cha mkwatibwi wake pa foni, ndinkachikulitsa ndi zala kufunafuna pamene walakwitsa. Ndikapeza nsidze imodzi yakwera pang'ono, tsiku limenelo ndinkadya bwino. Ndikapanda kupeza, ana a m'nyumba ankadziwa okha kuti lero asayandikire. Anandipatsapo moni kangapo, akugwada bwinobwino monga mwana woleredwa, ine n'kumayankha ndi mphuno. Ngakhale ulemu wakewo unkandiwawa, ndinkati akudzionetsera.

Tsiku lina tinakumana pa ukwati umodzi ku Embangweni. Eni ake anandipatsa ine mkwatibwi, iye n'kumupatsa atsikana operekeza. Tinali m'chipinda chimodzi, aliyense pangodya pake. Ndikutembenuka kuti nditenge paudala, ndinamupeza wanyamula bulashi yanga yaikulu ija, waitsegula ubweya ndi chala, akuinunkhiza. Anangoyamba kuti, "Amama, ndapota, mabulashi awa..." Sindinamulole kumaliza. Ndinamutsomphola bulashiyo n'kumuuza, atsikana onse akumva, kuti ine ndinayamba kugwira nkhope za anthu iye akadali ndi mamina. Anapepesa n'kubwerera pangodya pake.

Patapita masiku atatu, amayi a mkwatibwi uja anandiimbira kuti mwana wawo watuluka zidzolo masaya onse. Sabata yotsatira zinachitikanso kwa wina. Kunena zoona, ngakhale m'mbuyomo ankakhalapo odandaula za totupa apa ndi apo, koma ndinkati ndi khungu lawo kapena mafuta a nyama ya paukwati. Tsopano ndinali ndi womuloza chala. Ndinakumbukira kununkhiza kuja, mutu wanga n'kumaliza wokha nkhani yonse: mtsikanayu wabwera ndi mankhwala a ku Joni, ndipo wandiikira m'bulashi.

Ndinakwera basi kupita ku boma kwa munthu wina wopempherera anthu amene ndinamumvera mbiri. Dzina lake sinditchula, chifukwa iye anandipatsa zimene ndinapempha, chochita nazo ndinachiganiza ndekha. Ndinabwerako ndi kabotolo ka mafuta odzozera ndi botolo la madzi opemphereredwa. Lachisanu lililonse ndinkayala mabulashi pamphasa, kuwawaza madziwo mpaka anyowe, kudontheza mafuta pa ubweya wa bulashi iliyonse ndikudzudzula mzimu wa kaduka. Taonani, ine wa kaduka ndikudzudzula kaduka. Ndikatha ndinkawaika m'jumbo ali chinyowere, kumanga mfundo zitatu, kuika m'chitini, chitinicho pansi pa bedi kuti diso la mdani lisawaone. Dzuwa la pathandala lija ndinawamana, poopa kuti wina angadutse n'kuwakhudza. Imeneyo inali nyengo ya mvula, m'nyumba muli chinyontho mpaka zovala za m'sutikesi kununkha.

Zinthu zinaipiratu. Amene kale ankatuluka totupa tiwiri tsopano ankatupa nkhope yonse. Mtsikana wina wa kufupi ndi Edingeni anatupa chikope mpaka diso kutsekeka, ndipo sabata yake yoyamba m'banja anaithera pamzere wa kuchipatala. Apongozi ake anabwera pakhomo panga masana dzuwa likuswa mtengo, nandilalatira m'Chitumbuka chakuya chimene ndinachimva bwino lomwe ngakhale ndimanamizira kusamva. Kumjigo anandipatsa dzina loti Mayi Zidzolo. Foni yanga inakhala chete. Loweruka ndinkamva njinga yamoto ikudutsa kumsewu, ndikasuzumira n'kuona bokosi la magetsi lija lamangidwa kumbuyo.

Apa ndiye pali tchimo langa lalikulu. Sindinasunge maganizo anga mumtima. Kuchigayo, kumjigo, ngakhale potuluka m'mapemphero a amayi a Lachinayi, ndinkaponya mawu. Sindinkatchula dzina, ndinkangoti, "Ena akapita kunja sabwera ndi katundu wooneka yekha." Aliyense ankadziwa amene ndikunena. Ena anayamba kusuntha pabenchi iye akakhala, ndipo ine poona zimenezo ndinkamva kukoma.

Mkati mwa zonsezi mwana wanga Tawonga, amene amaphunzitsa kusukulu ya pulayimale cha ku Edingeni, anapeza banja. Zonse zinayenda mwa mwambo, a kuchimuna anabwera, tsiku la ukwati linaikidwa mwezi wa Ogasiti. Ine ndinati apa ndiye Mulungu wandikumbukira. Ana a eni andithawa, koma wanga ndidzamukongoletsa mpaka Champhira yense adzatseke pakamwa. Nkhope imeneyo ndinali nditaikonzera kale mumtima kuyambira ali kamtsikana, ndinkadziwa mtundu wa paudala womuyenera ndi pamene ndidzadutsitse nsidze.

Kutatsala milungu isanu anabwera kudzacheza. Tikusenda nandolo pakhonde, anayamba kuzungulira nkhani, kenako anangoti, maso ali m'lichero, "Amama, musakwiye. Za kumaso ndapempha NyaMoyo." Ndinamufunsa ngati amayi ake anamwalira. Anati, "Amama, ine nkhope ndili nayo imodzi. Mbwenu ndikatupa ngati mtsikana uja, ndidzapita bwanji kwa apongozi?" Sanakweze mawu, ndipo amene analira ndi iyeyo. Ine ndinalowa m'nyumba n'kusiya nandolo zili choncho.

Mawu a kumjigo ankandipweteka, koma awa anandithyola. Nkhope imene ndinaisambitsa ili kakhanda, imene ndinaipukuta chikuku, ikagwiridwe ndi mdani wanga ine nditakhala panja ngati mlendo. Ndinasiya kudya osati chifukwa cha uzimu poyamba, chakudya chinkangokana kutsika. Kenako ndinati basi, ndisale kudya masiku atatu. Pemphero langa linali limodzi, ndipo silinali lokoma: "Ambuye, muonetseni poyera amene wandiwonongera ntchito, achite manyazi pamaso pa anthu." Ndinkapemphera nditatseka maso koma ndikuona nkhope ya Lusungu.

Tsiku lachitatu, cha m'ma 2 koloko masana, ndinamva odi. Ndikutuluka, ndi iyeyo, wavala chitenje, wakhala kale pansi pafupi ndi khonde. Ndinati pemphero layankhidwa, wabwera kudzaulula. Atandipatsa moni anati, "Amama, Tawonga wandipempha, koma ine sindinamuyankhe. Mwana ali ndi amayi ake, ndipo amayi akewo ndi a ntchito yomweyi. Sindingamugwire kumaso inu musanalole." Kenako anati, "Zimene zikunenedwa za ine ndazimva chomene. Sindinabwere kudzakangana. Ndingoona nawo mabulashi aja, ndapota."

Ndinalowa m'nyumba mwaukali, ndinakoka chitini pansi pa bedi, ndinabwera nacho n'kuchiika patsogolo pake. Ndinati, "Onani ntchito ya manja anu." Panali patapita milungu yambiri ndisanamasule jumboyo poti maukwati anali atandithawa. Nditamasula mfundo yachitatu, fungo limene linatuluka linatibweza tonse awiri. Iye anatenga bulashi yaikulu ija, anatsegula ubweya ndi chala monga anachitira ku Embangweni, nandionetsa m'kati. Kutsinde kwa ubweya kunali phala lakuda la paudala wa zaka ndi zaka, thukuta la akwatibwi onse a dera lino, mafuta anga odzozera aja, ndipo pamwamba pake panamera chuku chobiriwira ngati cha pa chimanga chofukiridwa. Ichi ndi chimene ndinkapaka ana a anthu m'maso ndikuimba nyimbo ya Mulungu.

Za ufiti sanatsutse ndipo sanavomere. Anangopempha beseni, madzi ofunda oti khanda lingasambe, sopo wa ana ndi kansalu koyera. Ndinamubweretsera ngati munthu wolota. Ananyowetsa ubweya wokha, bulashi itayang'ana pansi, nandiuza kuti madzi akalowa m'kachitsulo kogwira ubweya amasungunula guluu, makamaka akakhala otentha. Apo ndinadziwa chimene chinasosola mabulashi anga awiri kalekale. Anapaka sopo pachikhatho n'kumazunguza bulashiyo pang'onopang'ono. Thovu linatuluka lofiirira ngati madzi a mumsewu mvula ikagwa. Anatsukuluza, anapakanso, anatsukuluzanso. Ndinataya beseni kasanu ndi kawiri madzi asanayambe kuyera.

Akutsuka choncho anandiuza za ku Joni, ine osamufunsa. Zaka ziwiri zoyamba sanaloledwe kugwira nkhope ya munthu. Ntchito yake mu saluni ya eni inali kutsuka mabulashi a anzake kuseri, m'nyengo yozizira zala mpaka kung'ambika. Anati tsiku lija ku Embangweni fungo analimva ali pangodya pake, ndipo ankafuna kundiuza mwakachetechete kuti andithandize kutsuka. Ine ndinkachitira nsanje bokosi la magetsi, osadziwa kuti mwini wake analipeza ndi manja osweka.

Mwa mabulashi asanu ndi anayi amene ndinali nawo, anayi okha ndi amene anapulumuka. Ena chuku chinali chitalowa mpaka m'kati, ndipo anati amenewo ngakhale titawatsuka chaka chonse sayeneranso pankhope ya munthu. Yaikulu ija inali m'gulu lotayidwa. Ndinakaiponya ndekha m'dzenje, ndipo sindibisa, ndinalira. Anayi otsalawo anawafinya mu kansalu, anawakonza ubweya ndi zala kuti ubwerere m'malo mwake, nawagoneka m'mphepete mwa tebulo, ubweya uli lende kunja kuti mphepo izipita pansi ndi pamwamba. Anati aume pamthunzi, asaimikidwe ali onyowa, ndipo jumbo ndiisiyire tomato. Anandiuzanso kuti ndizitsuka ukwati uliwonse ukatha, ndipo siponji ya munthu mmodzi isapite pankhope ya wina.

Atanyamuka ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana madzi akuda amene ndinathira pabwalo. Ndinapempha Mulungu kuti andionetse wondiwonongera ntchito kuti achite manyazi, ndipo anayankha ndendende monga ndinapemphera. Manyaziwo ndinawamva mpaka m'mafupa.

Koma Tawonga sanasinthe maganizo tsiku lomwelo, ndipo sindimuimba mlandu. Nditamuimbira kumufotokozera, anangoti, "Ndamva, amama," mawu a munthu amene akuopabe. Ndinaona kuti pakamwa panga panali patanena zambiri chaka chimenecho, palibe akanakhulupiriranso mawu. Ndiye ndinaganiza zoyesa mabulashiwo pa nkhope imene palibe angandizenge nayo mlandu. Ine, mayi wa duku amene zaka zonsezi ndinkapaka ena koma ndekha osadzolapo china choposa mafuta a vaselini, ndinakhala pagalasi Lamulungu m'mawa n'kudzikongoletsa ngati mkwatibwi. Abambo a Tawonga atandiona anafunsa ngati kuli wina amene akufuna kuwalanda malo. Ndinawauza kuti atenge Baibulo tizipita.

M'tchalitchi makosi anatembenuka. Atsikana akwaya ankagwirana m'nthiti. Ndinachita zimenezi Lamulungu atatu otsatizana, ndi Lachinayi lomwe, kuti aliyense aone ndi maso ake ngati Mayi Zidzolo atuluke zidzolo. Lachinayi loyambalo ndinapempha mpata pamaso pa amayi anzanga. Ndinaimirira ndi milomo yanga yofiira, ndinatchula dzina la NyaMoyo limene kale ndinkalizemba, ndinati ndinamunamizira, panalibe mankhwala, unali uve wanga. Iye anali pomwepo, anangoweramitsa mutu nati, "Yewo, amama." Ndinapitanso kwa mtsikana wa diso uja kukapepesa. Anandilandira pakhomo koma m'nyumba sanandilowetse, ndipo ndi ufulu wake.

Lachitatu la sabata ya ukwati Tawonga anafika kunyumba. Asanakhale n'komwe anandikokera pabwalo pamene pali dzuwa, anandigwira chibwano, nanditembenuza uku ndi uku monga ndinkamuchitira ali mwana ndikamuyang'ana ngati wasamba. Anayang'ana masaya, chipumi, m'mbali mwa mphuno. Kenako anati, "Loweruka mundipake ndinu, amama. Koma maso andipange NyaMoyo."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasangalala ndi mtima wonse. Ayi, kachinthu kaja kanandilumanso pansi pa nthiti. Koma nthawi ino ndinakadziwa dzina lake, ndinakauza kuti kakhale pansi. Zoona zake n'zakuti maso NyaMoyo amawatha kuposa ine. Loweruka tinaima awiri pa mwana wanga, iye mbali iyi ine mbali iyo, mabulashi anga anayi ali pa kansalu koyera. Pamene ndinayamba kumupaka patsaya, Tawonga anandigwira pamkono osatsegula maso.

Anthu anavina, analulutira, anajambulitsa, koma ine ukwati sindinaumve kukoma. Ndinkadziwa kuti zidzolo sizibwera tsiku lomwelo. Lamulungu ndinakhala foni ili m'manja. Lolemba ndinaitenga mpaka kudimba. Kuimba ndekha ndinkaopa, ndinkati ndikamva mawu ake akunjenjemera ndidzagwa pomwepo. Lachiwiri linadutsa. Lachitatu m'mawa ndikusesa pabwalo foni inalira, chinali chithunzi. Tawonga ali pakhomo pa apongozi ake, duku kumutu, wangosamba kumene, nkhope yopanda chopaka chilichonse, yosalala ngati tsiku limene ndinamubereka. Pansi pake analemba kuti, "Onani, amama." Ndinagwada pomwepo ndi tsache m'manja.

Ntchito ikubwerera pang'onopang'ono, si onse amene andikhulupiriranso, ndipo sindikuwathamangitsa. Lolemba lililonse mukadutsa pakhomo panga mupeza mabulashi agona m'mphepete mwa tebulo pakhonde, poyera, aliyense awaone. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe monga mwa kuipa kwa pemphero langa, koma ananditumizira thandizo kudzera pa munthu amene ndinamudetsera mbiri. Ndikuthokozanso NyaMoyo, amene anali ndi chifukwa chokwanira chondisiya ndiwole ndi jumbo yanga.

Inu amene zinthu zakuthinani lero, musaleke kupemphera, Mulungu amamva. Koma pamene mukudikira yankho, musachite ngati ine. Wina akayamba kukuuzani mawu, ngakhale ndi amene simumufuna, muloleni amalize. Ine ndikanamulola tsiku lija ku Embangweni, mtsikana wa eni sakanatupa diso, ndipo mwana wanga sakanalira pakhonde poopa manja a amayi ake. Ambuye akusungeni nonse. Amen.